Zikhatho pa Nsanamira za Fakitale Yakale

Ine si munthu wa nkhani za mizimu. Amene amandidziwa akuuzani kuti wina akayamba zoti anamva mapazi padenga, ndimamufunsa ngati kwawoko kulibe amphaka. Koma zimene ndifotokoze pano zinachitika dzuwa likuswa mtengo, ndipo sindinazione ndekha. Akapitawo athu analipo. Analiponso mayi injiniya amene ankayang'anira ntchitoyo, munthu woti sanena kanthu asanayeze. Wachitatu ndi mnzanga wa pantchito amene timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipapuma, koma tsiku limenelo ngakhale iye anathima. Mukawapeza muwafunse.

Ntchito yanga ndi yopopera penti pa zitsulo za nyumba zikuluzikulu, nsanamira ndi mitanda ya denga. Anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo sichiopa moto. Kuyaka sichiyaka, n'zoona, koma chikatentha kwambiri chimafooka n'kupindika ngati kandulo yoiwalidwa padzuwa, denga n'kutsikira pamitu pa anthu. Penti wathu ndi woyera, wosungunula ndi madzi, ndipo ukamuona sungamusiyanitse ndi penti wamba. Koma mkati mwake anathiramo mankhwala. Moto ukamufika, mankhwala ena amasanduka makala, ena amatulutsa mpweya, ndiye pentiyo amafufuma ngati buledi n'kukhala chikhungwa chakuda, chochindikala, chofewa ukachikhudza. Chikhungwacho ndi chimene chimatchinga kutentha. Penti ameneyu sazimitsa moto ayi. Amangochedwetsa chitsulo kugonja, kuti anthu apeze mpata wotuluka.

Ntchito imeneyi sindinailowe mwangozi. Amayi anga ankasoka mufakitale ya zovala, ndipo anafera momwemo ine ndisanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Moto unayambira kutsogolo, kumene ankasungako nsalu. Azimayi a m'chipinda chosokera anathawira ku chitseko chakumbuyo, koma eni fakitale ankachimanga ndi unyolo kunja kwake, ati antchito asamatulutsirepo nsalu. Abambo anga ankayendetsa lole ya fakitale yomweyo, ndipo tsikulo anali kuseri, m'kanjira ka pakati pa makoma. Anakoka unyolowo ndi manja mpaka khungu linatsalira pa chitsulo. Munthu wina anathamangira chodulira. Pamene ankafika nacho, denga linali litagwa kale.

Ndinakula ndikumva mawu amodzimodzi pakamwa pa abambo: "Chitsulo chija chikanangodikira pang'ono." Anandilera okha, ndipo si munthu wa tsinya ayi. Amadziwa kuseketsa, amadziwa kuluka tsitsi la mwana wamkazi ndi zala zawo zamakwinya zija, ngakhale mizere yake inkakhota ngati njira ya woledzera. Koma chinthu chimodzi ndinalephera kuwagonjetsa. M'nyumba mwathu chitseko sichinkakhomedwa. Ankachisiya chatsegulako pang'ono, n'kuikapo mpando kuti mphepo isachimenyetse. Tinaberedwapo wailesi, tinaberedwapo nsapato, agalu a eni ake ankalowa ngati kwawo. Ndikadandaula ankangoti, "Munthu akafika apeze potsegula." Ndinasiya kufunsa kuti munthu wake ndani, chifukwa ndinkadziwa.

Tsono kampani yathu inapatsidwa ntchito pa fakitale yomweyo. Moto uja utazima, eni ake anaikapo denga lina, anatseka khomo lakumbuyo ndi njerwa, n'kumasungiramo katundu, kenako anaisiya kuti ikhale ya nkhunda ndi makoswe. Anthu ena anadzaigula kuti ikhale sukulu yophunzitsa ntchito zamanja. Mitanda ya denga anaika yatsopano, koma nsanamira za m'chipinda chosokera chija, zimene zinapulumuka moto, injiniya ataziyeza anati zidakali zolimba. Zinangofunika kupalidwa dzimbiri ndi kupakidwa penti wathu.

Ndinaganiza kuti abambo akamva asangalala. Ndinawauza tili pa chakudya chamadzulo. Anaika supuni pansi.

"Ukalowa mkatimo?" anafunsa.

"Nanga ndikapopera ndili panja, ababa?"

"Amayi ako adakali mommo," anatero. "Sanatuluke."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya. Ankangolawa tiyi, buledi n'kumupatsa galu wa aneba. Lamba anayamba kumuboola mabowo atsopano. Ndinapita nawo kuchipatala, anawayeza magazi, anawajambula chifuwa, sanapeze kanthu. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, tsiku lina ndinalira. Iwo anangondisisita pamutu n'kunena kuti chakudya sichitsika munthu ukudziwa kuti mnzako waima pa chitseko chotseka. Kunena zoona ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti ndikuluza kholo lachiwiri ndi moto womwe uja.

Penti wosungunula ndi madzi ali ndi mwambo wake. Sakonda chinyezi, sakonda fumbi. Tinatchinga mawindo onse ndi mapepala apulasitiki, ndipo m'mawa sitinkayamba msanga, tinkadikira mame akamuke. Akapitawo anatiphunzitsa kuti usanapopere uzikhudza chitsulo ndi kuseri kwa dzanja, umve ngati chauma. Akamaliza kukhudza amatulutsa kachipeso kawo kachitsulo, kamene amakanikiza pa penti wamuwisi kuti aone ngati wachindikala mokwanira. Wailesi ankati akapitawo amapesa nsanamira chifukwa pamutu pawo palibenso chopesa. Akapitawo ankamuyankha kuti dazi ndi mutu wa munthu woganiza, ndiye iye asade nkhawa, silidzamupeza.

Ntchito inayenda bwino mpaka tinamaliza chipinda chakumbuyo. Nsanamira zonse zinayera mbee, zitandandalika kuchokera pamene pankakhala makina osokera kukafika ku khoma lakumapeto. M'mawa wina, tikudikira mame, Wailesi analowa kukatenga ndowa. Anatulukamo akukuwa.

"Ndani wasewera ndi moto muno? Akapitawo, bwerani muone ntchito yanu!"

Pa nsanamira yoyamba, pamtunda wofika pachifuwa cha munthu, penti anali atafufuma. Malo ake anali aang'ono, okwana chikhatho. Ndipo chinalidi chikhatho, chakuda bii pa chitsulo choyera, zala zake zitatambasuka. Koma mkombaphala anali wosamveka bwino, ngati wafufutika. Akapitawo anatukwana owotcherera zitsulo, ngakhale owotcherera anali atachoka kalekale. Anafunsa mlonda, mlonda analumbira kuti pageti sipanadutse munthu, ndipo kiyi wa nyumbayo ankagona m'thumba la akapitawo eni ake. Tinapala malowo mpaka chitsulo chinaoneka, tinapakanso, n'kupitiriza zina.

Kutacha, chikhatho chija chinali chitabwerera pamalo pomwepo. Pa nsanamira yotsatira panali china.

Apa mpamene anaitana mayi injiniya. Anabwera ndi kachipangizo koyezera kutentha, anayeza nsanamira kuchokera pansi mpaka pamwamba, anafufuza ngati pali waya wa magetsi wobisika, anakwera padenga kukaona ngati dzuwa likulowera pena pake. Sanapeze kanthu. Anapala makala aja n'kuwatumiza kwa opanga penti. Yankho linabwera loti penti alibe vuto lililonse, wangochita ntchito yake, chifukwa china chake chotentha kwambiri chinamukhudza.

"Kutentha kwake kotani, mayi?" anafunsa Wailesi. "Munthu wa malungo angathe?"

"Madzi owira sangathe n'komwe," anatero injiniya. "Pamafunika moto weniweni. Dzanja la munthu likanatentha choncho, likanapsa lisanafike pa nsanamira."

"Ndiye ndi chiyani?"

"Sindikudziwa," anayankha, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo.

Anzathu awiri anayamba kudwala matenda a mwadzidzidzi, aja oyamba Lolemba n'kuchira Loweruka. Zikhatho zinkawonjezeka, nsanamira ndi nsanamira, zonse pamtunda umodzimodzi, zonse za dzanja lamanja. Ukaima pakhomo n'kuziyang'ana pamodzi, unkaona munthu akuyenda mumdima, akupapasa, akusiya nsanamira iyi kuti agwire inayo. Ndipo ankalowera mbali imodzi, ku khoma lakumapeto, kumene pulasitala anasiyana mtundu ndi wa kwina konse. Ine ndinkadziwa chimene chinali kuseri kwa pulasitala ameneyo, koma sindinauze munthu. Pantchito palibe ankadziwa kuti ndine mwana wa mmodzi wa azimayi aja.

Tsiku lina masana anzanga anatuluka kukadya pansi pa mtengo wa pageti. Ine ndinatsalira kuti nditsuke makina opopera, chifukwa penti akaumira m'paipi ndiye kuti wagwa nayo. Ndinakhala pa ndowa m'chipinda chakumbuyo chija. Kunja kunkamveka magalimoto, ndi mawu a Wailesi akunena za mpira.

Kenako mapepala apulasitiki a m'mawindo anasiya kuphupha. Nkhunda za padenga zinangoti zii.

Fungo linayamba kundipeza. Penti wathu sanunkha kwenikweni, amangomveka ngati choko chonyowa. Ili linali fungo la nsalu yopserera, monga ukaiwala simbi pa malaya. Pansi pake panali lina. Mafuta a makina osokera. Fungo limenelo ndinalidziwa thupi lonse, chifukwa ndi limene linkamveka amayi akandinyamula pochokera kuntchito.

Ndinamva kuthetheka pang'ono, ngati mchere wagwera pamoto.

Ndinatembenuka. Nsanamira yomaliza, ya pafupi ndi khoma, inali yoyera pamene ndinkakhala pansi. Tsopano panali kadontho kachikasu. Kanada. Kanayamba kutupa. Chikhatho chinatuluka pang'onopang'ono, ine ndikuona. Kenako chala chachikulu. Kenako chaching'ono, ndi chinzake, ndi chapakati. Mkombaphala anayamba kukwera, n'kuima pakati.

Sanafufutike ayi. Chalacho chinali chachifupi.

Amayi anga anadulidwa mkombaphala wa dzanja lamanja ndi makina odulira nsalu, ine ndisanabadwe. Ndikalakwa ankandiloza ndi kachitsa kameneko n'kumati, "Uthokoze kuti ndakuloza ndi theka. Ndikanakhala ndi chathunthu ukanaona." Pa zinthu zochepa zimene ndimakumbukira za iwo, chimenecho ndiye chenicheni.

Ndinafuna kuthawa, koma ndinapezeka ndaimirira, ndikuyandikira. Ndinakhudza chitsulocho ndi kuseri kwa dzanja, monga timachitira m'mawa uliwonse. Chinali chofunda, kufunda kwa pampando pamene munthu wangonyamukapo.

"Amayi?" ndinanong'ona.

Ku khoma kunamveka kugogoda. Sikunali pa njerwa. Kunali pa chitsulo, mkati mwa khoma, kofooka, ngati kwa munthu wotopa.

Ndinatuluka osathamanga. Wailesi atandiona anasiya nkhani ya mpira pakati, n'kundipatsa botolo lake la madzi.

Madzulo ndinapeza abambo atagona pampando wautali, maso ali kudenga. Ndinalimbana ndi mtima wanga, chifukwa ndinkaopa kuti ndikawaonetsa ndiwamaliza. Koma anali akutha kale ine ndili chete. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha chikhatho chomaliza chija. Anachiyang'ana, n'kuika chala chawo pa galasi, pa mkombaphala wachifupi uja.

"Wafika pa chitseko," anatero.

"Pali njerwa tsopano, ababa."

"Ndiye waima pa njerwa. Zaka zonsezi kunalibe choti agwire kuti tione. Penti wako ndi amene wamuonetsa." Anadzuka n'kukhala tsonga, koyamba pa masiku ambiri. "Ndiperekeze. Ndinamusiya ndisanatsegule."

M'mawa mwake ndinapita kwa mayi injiniya n'kuwauza zonse, akapitawo ndi Wailesi ali pomwepo. Ndinayembekezera kuti andiuza ndikapume kunyumba. Iwo anangofunyulula pulani pamwamba pa ndowa n'kuloza pa khoma lakumapeto lija.

"Khomo lothawira moto lili kale papulani pano," anatero. "Sukulu singatsegulidwe ndi khomo limodzi. Omanga amayenera kudzagumula inu mutamaliza, kuopa fumbi."

"Fumbi ndiye mdani wa penti, mayi," anatero akapitawo. "Tikagumula lero, ntchito yonse ya mbali iyi ibwerera m'mbuyo."

"Nanga panopa ikupita kutsogolo?" anafunsa injiniya. "Tikupala, tikupaka, tikupalanso. Ine sindikunena kuti ndi mizimu. Ndikungonena kuti khomolo lili papulani, ndipo palibe chotiletsa kulitsegula lero."

Akapitawo anandiyang'ana, n'kuvula chipewa n'kukanda dazi lawo lija.

"Mwana iwe, bwanji sunanene? Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Wailesi, katenge nyundo."

Tinagumula khomalo m'mawa womwewo. Njerwa zinali za mzere umodzi, ndipo zitagwa tinapeza kuti omanga akale aja sanachotse chitseko. Chinali pomwepo, chachitsulo, chakuda ndi mwaye wakalekale, chitakhala m'felemu yake. Kunja, m'kanjira kaja, chinali chitabisika kuseri kwa malata akale ndi zitsamba. Tinachotsa zonsezo. Unyolo panalibe, koma dzimbiri linali litachigwira. Wailesi anathira mafuta m'mahinjesi n'kumenyamenya m'mbali ndi nyundo, kenako anafuna kukoka. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti mwini wake akubwera.

Ndinakawatenga abambo pa takisi. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, limene tsopano linkawalendewera m'mapewa. Anakana kulowera kutsogolo. Anazungulira nyumbayo, akutsamira pa ine, mpaka m'kanjira kaja. Dzuwa linali pamutu. Anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, kenako anaima patsogolo pa chitseko n'kutambasula dzanja kuti agwire chogwirira. Dzanjalo linaima m'malere.

"Chikutentha," anatero.

Injiniya analozetsa kachipangizo kawo kaja pa chogwiriracho. Anayang'ana, anayang'ananso, n'kukabweza m'thumba. Ine ndinayandikitsa kuseri kwa dzanja, ndipo ndinamva kutentha ndisanakhudze. Chitsekocho chinali pamthunzi.

Pafupi ndi khoma panali ndowa ya penti imene tinatulutsa pothawa fumbi. Abambo anaiyang'ana.

"Unati penti wakoyu amateteza chimene chili pansi pake?"

"Chitsulo, ababa. Si wa pakhungu."

"Achikulire, tili ndi magolovesi," anatero akapitawo.

"Ndikavala magolovesi sangandizindikire," anayankha abambo. Anapinda mkono wa jekete, anatsegula ndowayo, n'kumiza dzanja lamanja mpaka m'mkono. Linatuluka loyera, likudontha. Palibe anawaletsa. Pano ndikuchenjezeni, musadzayesere zimenezi, chifukwa penti ameneyu sanapangidwire thupi la munthu, ndipo wamuwisi satchinga kalikonse. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Anagwira chogwirira. Anakoka. Chitseko chinalira, koma sichinasunthe. Anapondetsa phazi pa felemu, munthu woti m'mawa womwewo ankalephera kunyamula kapu, n'kukokanso.

"Ndabwera," anatero motsitsa. "Ndine. Kankha kumeneko."

Chitseko chinatseguka chonse kamodzi, ngati wina wathandiza mkati.

Mphepo yofunda inatuluka n'kutiwomba kumaso. Fungo la nsalu yopserera linadzaza kanjira konse. Wailesi anangokhala pansi. M'chipindamo munalibe munthu, nsanamira zokhazokha ndi fumbi likuyandama pa kuwala.

Abambo anasiya chogwirira n'kutambasula dzanja lawo loyera lija, chikhatho chili m'mwamba.

Tinamva kuthetheka.

Penti wa pachikhatho pawo anayamba kuda. Anatupa. Kenako kuseri kwa dzanja kunatuluka mizere yakuda, yopingasa, monga zimakhalira munthu akakugwira dzanja mwamphamvu. Ndinaiona ndi maso angawa. Mzere umodzi unali waufupi.

Ndinakuwa kuti achotse dzanja. Iwo sanagwedezeke, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu amene akupsa. Ankamwetulira, misozi ikutsikira m'kolala.

"Wachedwa bwanji," anatero. Anakhala chete ngati akumvetsera, kenako anaseka pang'ono. "Eya, ndine ndachedwa. Tiye."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda m'kanjira kaja, dzanja lili pambali, pang'onopang'ono, monga amayendera munthu woperekeza mnzake wotopa. Ndinafuna kuwatsatira, koma akapitawo anandigwira paphewa n'kuloza mkati, pa nsanamira yomaliza ija. Pa nsanamirayo, pamwamba ndi pansi pa chikhatho cha amayi, penti ankathetheka malo ambiri. Zikhatho zinkatuluka, zazikulu ndi zazing'ono, zamanja ndi zamanzere, chimodzi pambuyo pa chinzake. Aliyense ankagwira nsanamirayo kamodzi n'kudutsa. Mphepo yofunda inapitiriza kutuluka mpaka kuthetheka kunasiya. Kenako nkhunda zinayambanso kulira padenga.

"Sanatuluke okha," anatero Wailesi, ndipo ndi mawu okhawo amene anayankhula tsiku lonse.

Abambo anakafika kumapeto kwa kanjira, pamene kamakumana ndi msewu, anaima pang'ono padzuwa, n'kubwerera. Ndinathamanga ndi ndowa ya madzi. Makala aja anayoyoka ngati mwaye, penti wotsala anasungunuka, ndipo pansi pake panali dzanja lawo lomwe lija, la zipsera zakale, lopanda thuza ngakhale limodzi. Mayi injiniya analitembenuza uku ndi uku. Ananena kuti penti wamuwisi safufuma n'komwe, amayamba wauma kaye, ndiponso kuti kutentha koti kumufufumitse kukanafika pa fupa. Ndinawafunsa kuti ndiye tinene kuti chachitika n'chiyani. Anati iwo alemba zoti khomo lothawira moto latsegulidwa, ndipo zinazo aliyense asunge zimene waona.

Tili m'takisi pobwerera, abambo anandigunda ndi chigongono.

"Kodi kunyumba kuli mazira?"

"Alipo, ababa."

"Ukazinge ambiri. Njala yandipweteka ngati ndalima."

Ndinayang'ana pawindo kuti asaone nkhope yanga, koma woyendetsa takisi anaiona pagalasi n'kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, ndi chimwemwe chabe.

Nsanamira zija tinazipala zonse n'kuzipakanso fumbi litakhazikika. Akapitawo anazipesa ndi kachipeso kawo imodziimodzi, ndipo mpaka lero ndi zoyera. Sukulu inatsegulidwa. M'chipinda chakumbuyo chija muli makina osokera, ndipo chitseko chake chatsopano chimatseguka ndi kungokankha kuchokera mkati. Ndikadutsako ndimamva makina akulira ndi atsikana akuseka. Abambo lamba wawo anabwerera pa bowo lakale, ndipo galu wa aneba anaonda.

Koma chimene chimandikhalabe m'mutu ndi cha madzulo a tsiku lomwelo. Abambo atadya, n'kupempha zowonjezera, ine ndinatsuka mbale n'kupita kukaika mpando pa chitseko monga mwa masiku onse. Iwo anali pampando wautali, atakhala chakumapeto, mbali ina atasiya malo.

"Chotsa mpandowo," anatero. "Khoma chitseko, kunja kwazizira."

Ndinawayang'ana. Kiyi wa chitseko chimenecho ndinali ndisanamugwirepo chibadwire, moti anachita kundiuza kuti ali m'kabati, m'kapu yosweka chogwirira.

"Ndikhome ndithu, ababa?"

"Khoma," anatero. "Tonse tili m'nyumba."

Ndinatembenuza kiyi. M'chipindamo munkamveka kafungo ka mafuta a makina osokera, ndipo m'nyumba mwathu mulibe makina.